Chidindo Changa pa Chitseko cha Njoka

Alamu anga, amuna a mchemwali wanga wotsatana nane, anabwerako ku Joni atakhalako zaka zambiri. Anzawo amabwera ndi malata ndi mawailesi. Iwo anabwera ndi chikwama cha zovala ndi ndodo ziwiri zachitsulo, ina yokhota kumapeto ngati ngowe, ina yopana. Kumeneko ankagwira ntchito kwa bwana wina amene anthu ankamuitana njoka ikalowa m'nyumba. Bwanayo sankazipha. Ankazisunga m'mabokosi a galasi, ana asukulu n'kumabwera kudzaziona.

Poyamba tonse tinakondwa nazo ndodozo. Kuno kwathu m'chigwa cha Domasi, mvula ikayamba, njoka zimatuluka m'nthochi ndi m'mabango a kumtsinje, zina n'kukabisala m'makola a nkhuku. Anthu anayamba kutumiza mawu kwa alamu, ndipo iwo ankapita osathamanga, n'kuikola njokayo ndi ngowe yawo ngati akutola chingwe. Chimene tinachedwa kuzindikira n'chakuti ina akaiika m'ndowa sankakaitaya kuphiri monga ankanenera. Kuseri kwa nyumba ya mchemwali wanga, pafupi ndi nthochi, anamanga kachisakasa ka njerwa zosawotcha, n'kuikamo mabokosi a matabwa okhala ndi waya wa sefa kutsogolo. Pofika nthawi yokolola munali mphiri ziwiri, mbobo imodzi yobiriwira, ndi njoka ya mamba, yolavulira m'maso ija.

Ine ndine mwini mbumba pakhomo pathu, ndiponso ndinali nkhoswe ya ukwati umenewu. Malo amene amangapo ndi a mchemwali wanga, ochokera kwa malemu mayi athu, ndipo alamu ndi mkamwini. Ndiye zinali kwa ine kukafunsa. Ndinawapeza akuponya chule m'bokosi.

"Alamu, anzanu akuweta nkhumba, inu mwasankha ziweto zosadyeka."

"Izi sizifuna gaga, alamu," anatero akuseka. "Zikadya lero, tionana sabata yamawa. Nkhumba zanu zija zikanakhala choncho bwenzi muli ndi njinga yamoto."

Ndinawakumbutsa za udani umene unaikidwa pachiyambi pakati pa njoka ndi mbewu ya mkazi. Iwo anandikumbutsa kuti zokwawa zonse zinalengedwa ndi dzanja lomwelo limene linalenga ng'ombe, ndipo Mlengi anaziona kuti zili bwino. Anati akufuna aziphunzitsa anthu kusiyanitsa njoka yoopsa ndi yongodya makoswe, kuti ana athu asamafe ndi umbuli. Ankalankhula modekha, maso ali pa mphiri yawo ngati mmene munthu amayang'anira mwana wang'ombe wobadwa kumene. Sindinaone choipa m'maso mwawo, ndipo mpaka lero sindinena kuti munali choipa.

Koma mudzi unaona zina. Munthu woweta njoka kuno ali ndi dzina limodzi lokha. Kunayamba kumveka kuti za ku Joni zija n'zizimba, kuti njokazo zimatumidwa kukakawa chimanga m'nkhokwe za anthu. Mchemwali wanga ankagulitsa zitumbuwa pa Songani, ndipo anayamba kubwerera nazo beseni lili lodzaza. Kumaliro ena, amayi anzake a mvano anamuuza mwaulemu kuti iye angotunga madzi, zophika azisiyire ena. Anabwera kwanga osalira, anangokhala pakhonde n'kumasenda chinangwa chimene sanatumidwe kusenda.

Apa ndiye pamene ndinalowerapo ndi dzanja langa. Nthawi imeneyo ndinali mlembi pa tchalitchi chathu chaching'ono, ndipo chidindo chinkakhala kwa ine, m'kachitini ka masikono. Abusa ankatiyendera mwa apo ndi apo chifukwa anali ndi mipingo ingapo. Kwathu kuno kalata ya mpingo ndi chinthu chachikulu. Munthu akasamuka amatenga kalata. Akafuna ntchito yaulonda ku Zomba amatenga kalata. Mtsikana akapita kukakhala kwa azakhali ake ku Blantyre amatenganso kalata. Ndalemba makalata otere ambirimbiri, ndipo anthu ambiri sawerenga n'komwe zimene ndalemba. Amangoyang'ana ngati chidindo chaoneka bwino, n'kuipinda.

Alamu anabwera Loweruka masana, chipewa chili m'manja. "Alamu, mundilembere kalata yoti ndine Mkhristu. Mkazi wanga akuvutika chifukwa cha ine."

Ndikanayenera kudikira abusa, kapena kuitengera nkhaniyi kwa akulu a mpingo anzanga. Koma ndinkadziwa kuti ena mwa iwo akana, ndipo ndinali nditaona beseni la zitumbuwa lija. Ndinalemba kuti mwini kalatayi ndi membala wathu wodya Mgonero, kuti ndi munthu wamakhalidwe abwino, kuti mpingo sukudziwa za ufiti uliwonse pa iye. Kenaka ndinawonjezera mzere umodzi umene sanandipemphe: kuti njoka zimene akusunga ndi zophunzitsira anthu. Ndinapumira pa chidindo kuti inki inyowe, n'kudinda. Mumtima ndinkati ndikutseka pakamwa pa amiseche, ndipo ndinagona bwino.

Patapita masabata awiri ndinadutsa kuseri kwa nyumba yawo pochokera kudimba. Pachitseko cha kachisakasa kaja panali kalata yanga, atakaimatitsa pulasitiki ku Zomba, n'kuikhomera ndi misomali inayi. Palibe munthu amene ankayandikira chitseko chimenecho kuti awerenge. Munthu akaima kunjira ankangoona pepala lonyezimira ndi chidindo chozungulira. Ndipo miseche inachepadi. Pachigayo ndinamva amayi ena akunena kuti, "Akuti ali ndi mapepala a boma. Ndiye kuti n'za ntchito, si zinazo ayi."

Ndinafunsa alamu ngati ndi iwo amene akuuza anthu choncho.

"Ine ndimangoti ndili ndi mapepala. Kodi si pepala limenelo?"

"Ndi la mpingo, alamu. Si la boma."

"Nanga wamkulu ndani, mpingo kapena boma?" Anaseka, inenso ndinaseka nawo, chifukwa ndi mmene timachezera pachilamu. Ndinachoka kalata ili pompo.

Chimene sindidzaiwala ndi tsiku limene mchemwali wanga anandiperekeza kuchokera kumapemphero a pakati pa sabata. Anali atayambanso kugulitsa bwino, nkhope yake itamasuka. Iye sukulu anailekera m'makalasi oyambirira kuti azilera ang'onoang'ono ndi ife aakulu omwe, mayi atadwala, ndipo kuwerenga kumamuvuta. Ndinamufunsa ngati sakuopa kugona pafupi ndi zinthu zimenezo.

"Poyamba ndinkaopa, achimwene. Koma poti aboma anavomera, ndiye kuti anaona kuti mabokosiwo ndi olimba. Ine ndinganenenji?"

Ndinaganiza za manyazi a alamu, za akulu a mpingo akamva kuti ndinadinda ndekha, za mtendere umene unali utangobwerera pakhomopo. Ndinati, "Mulungu akusungeni, achemwali," n'kupatukira kwathu. Malemba amatichenjeza za mlonda amene waona lupanga likubwera koma osaliza lipenga, kuti mwazi wa anthuwo udzafunsidwa padzanja lake. Ndime imeneyo ndinali nditaiphunzitsapo ena. Masabata atatu ndinakhala ndikuidumpha powerenga.

Kenaka kunagwa maliro kwawo kwa alamu, kutsidya cha ku Phalombe, ndipo anapita masiku anayi. Kunali kotentha, mwezi wa Okutobala. Tsiku lachitatu m'mawa mchemwali wanga anaganiza kuti zamoyozo zifa ndi ludzu mwini wake asanabwere. Anatenga kapu ya madzi, n'kutsegula chitseko, n'kuwerama pa bokosi la mamba kuti athire madzi kudzera pa sefa. Sefa imatsekereza njoka, koma siitsekereza malovu ake. Inamulavulira m'diso la kumanzere.

Ndinamva kukuwa ndili kudimba. Ndinamupeza atagwada pafupi ndi mtsuko, mayi wina woyandikana naye akumuthira madzi kumaso mosalekeza, ndipo kuchipatala anadzatiuza kuti madzi amenewo ndi amene anathandiza. Tinamukweza pa njinga ya kabaza, ine ndikutsatira pa ina. Diso linali litatupa, lofiira ngati nyama. Njira yonse sindinathe kupemphera pemphero lomveka. Ndinkangoti Ambuye, Ambuye, mawu ena osabwera. Diso silinafe, koma mpaka lero likakumana ndi dzuwa lamasana limatuluka misozi, ndipo amaona nalo ngati kuli nkhungu.

Alamu atabwerako anapeza mbumba yonse itasonkhana pansi pa mtengo wa mango: azakhali athu, achemwali ena awiri, ndi mng'ono wathu wamwamuna amene amakhala ku Naisi. Mawu anali amodzi. Mkamwini anyamule bulangete lake azipita kwawo, njoka zitenthedwe pamodzi ndi kachisakasa. Azakhali anati, "Tinam'patsa malo olima chimanga, iye walimapo imfa." Wina anati tikadandaule kuboma komweko kumene kunapereka chilolezo, afotokoze chifukwa chimene anavomerera zinthu zotere pakati pa mudzi. Onse anayang'ana kwa ine, poti mawu omaliza ndi a mwini mbumba. Alamu anakhala chapatali pa njerwa, mutu uli pansi, osadziteteza. Akanatha kunena kuti kalata inachokera kwa ine. Sananene.

Ndinaimirira, n'kupita kukazula kalata ija pachitseko. Ndinabwera nayo n'kuiwerenga mokweza, mzere ndi mzere, mpaka pa dzina langa. Ndinawauza kuti palibe waboma amene anapondapo pano, kuti chidindocho n'cha tchalitchi chathu, kuti ndinadinda ndekha popanda abusa, ndipo kuti mchemwali wanga atandiuza chikhulupiriro chake pa pepalalo ndinakhala chete. Mchemwali wanga anali atakhala pamkeka, diso lomanga ndi nsalu yoyera, ndipo anatembenuza mutu wonse kuti andione ndi diso linalo.

Ndinapempha kuti nkhani ya ukwati iyambe yaima mpaka ine ndi alamu titapita kwa eni ake a lamulo. Sindinafune kuti titenthe njokazo mwaukali kenaka n'kupezeka kuti tapalamulanso mlandu wina. Komanso, kunena zoona, ndinkafuna nthawi.

Mawa lake tinakwera minibasi pa Songani. Ku Zomba tinafunsira kwa anthu angapo mpaka tinalozeredwa kwa oyang'anira nyama zakutchire. Tinalandiridwa ndi mayi wina wovala yunifolomu, wamsinkhu wa mwana wanga woyamba. Alamu anafotokoza zonse osabisa, ndipo ine ndinaika kalata ija patebulo. Mayiyo anaiwerenga mpaka kumapeto.

"Bambo, kalata iyi ikunena za mtima wa munthu. Ife timafuna kudziwa za khola."

Sindine wodziwa malamulo, ndiye ndingonena mmene ndinamvera. Anati nyama yakutchire, ngakhale uipeze m'munda mwako, siikhala yako ngati mbuzi. Kuti uisunge pakhomo pamafunika chilolezo chochokera kwa iwo, ndipo sapereka asanabwere kudzaona malo osungiramo, kufunsa kumene nyamayo inachokera, ndi kukhutira kuti wosungayo akuidziwa ntchito yake. Ngakhale kuigwira kuthengo n'cholinga choisunga kumafunanso chilolezo. Pa njoka zaululu anati amafunsanso kuti nyumba za anthu zili kutali bwanji, ndani amatsegula chitseko mwini wake akachoka, ndipo munthu akalumidwa mankhwala ake ali kuti. Anati kusunga popanda chilolezo ndi mlandu wopita nawo kukhoti.

Alamu anamvetsera, kenaka anafunsa funso limene linandisautsa inenso. "Amayi, ndikanazipha ndi khasu palibe akanandifunsa pepala. Ndazisunga, ndazidyetsa, ndiye ndalakwa?"

"Wopha njoka imene yamulowera m'nyumba akudziteteza," anatero mayiyo. "Inu mwaisunga pakati pa anthu amene simunawafunse. Akazi anu munawauza kuti ija imalavula?"

Ndinaona manja a alamu, manja amene sanjenjemera pogwira mphiri, akupotokola chipewa.

Alamu anafunsa ngati angathe kupempha chilolezocho tsopano. Mayiyo anati khomo ndi lotsegula kwa aliyense, koma sanawabisire kuti kachisakasa ka njerwa zosawotcha, kuseri kwa nyumba yogona, pakati pa mudzi, n'kovuta kuti kavomerezedwe. Anati nkhani ya mlandu aitengera kwa akuluakulu ake, ndipo adzawauza kuti tinabwera tokha. Za njokazo anati tisazikhudze, tisazitenthe, titseke chitseko ndi loko mpaka atatumiza anthu.

Anabwera patapita masiku angapo, amuna awiri ndi galimoto. Alamu anapempha kuti aziike okha m'zotengera, ndipo anawalola ataona mmene akugwirira ngowe. Mmodzi wa amunawo anawauza kuti dzanja ali nalo, chimene analibe ndi malo. Anawalembera chenjezo, n'kuwasainitsa, ndipo nkhani siinafike kukhoti. Mudzi wonse unaima kunjira kuonerera. Galimoto itapita, alamu anagwetsa okha kachisakasa kaja ndi khasu, n'kuwotcha mabokosi.

Ine ndinapita kwa abusa ndi kachitini ka chidindo. Ndinafotokoza pamaso pa akulu a mpingo onse, ndipo ulembi anaupereka kwa wina. Mgonero wotsatira ndinakhala pabenchi ya kumbuyo, mkate ndi chikho n'kundidutsa. Palibe anandiletsa. Ndinangokumbukira kuti wobwera ndi mphatso kuguwa, akakumbukira kuti m'bale wake ali naye chifukwa, ayambe wapita kukayanjana naye. Ndipo m'bale wangayo, mchemwali wanga, anali asanandilankhule chichokereni pansi pa mango.

Mbumba inasonkhananso kuti imalize za mkamwini. Azakhali anali asanasinthe maganizo. Ine ndinali ndisanatsegule pakamwa pamene mchemwali wanga anayamba kulankhula, chinthu chimene sanachitepo pa bwalo la pakhomo.

"Amuna anga sachoka. Diso ndi langa, malo ndi anga, ndiye ndanena. Analakwa, ndipo akudziwa. Anakonda zinthu zawozo mpaka kuiwala kuti pakhomo pali anthu. Zimenezo tikambirana awiri."

Azakhali anayamba kuyankha, koma iye anapitiriza, akuyang'ana kwa ine.

"Koma achimwene, inu mumawerenga. Ine ndinakuuzani ndi pakamwa panga kuti ndadalira pepala lija, inu n'kunditi Mulungu akusungeni. Mukanangoti, achemwali, lija ndalemba ndine, ine sindikanatsegula chitseko chija."

Ndinati ndi zoona, ndipo ndinapempha kuti andikhululukire. Anati wandikhululukira, pakuti nayenso amapemphera pemphero la Ambuye lomwelo limene tonse timapemphera. Kenaka anati kuyambira tsiku limenelo nkhoswe yake ikhale mng'ono wathu wa ku Naisi. Anati nkhoswe ndi munthu amene umathamangirako zikavuta pabanja, ndipo iye sakudziwa ngati angathamangirenso kwa ine. Sanakweze mawu. Azakhali anayesa kunena kuti zotere sizichitika mkulu ali moyo, koma ine ndinawapempha kuti asiye.

Papita zaka zingapo tsopano. Alamu akadali pakhomopo, amalima tomato kudimba, ndipo ukwati wawo ulipo. Njoka ikalowa m'khola la munthu amawaitanabe. Nthawi zina amapita, n'kukaitaya kutali anthu akuona, nthawi zina amati atopa. Timacheza, koma nthabwala zathu za pachilamu zinachepa. Ndimawaona akamayenda m'mbali mwa mtsinje akuyang'ana m'mabango, ndipo ndimadziwa kuti pali chinthu chimene anachikonda ndi mtima woona n'kuchitaya. Sindidziwa ngati akanakhala ndi malo oyenera ndi chilolezo chenicheni, anthu a kuno akanaphunzira kwa iwo n'kupulumuka ena. Funso limenelo ndimalisiya kwa Ambuye.

Mchemwali wanga amabwera kwathu, amadya nafe, amaseka ndi akazi anga. Chaka chatha mwana wake wamkazi anapeza banja. Ndinamva kuti akuchimuna anabwera kudzafunsira, ndipo anawalozera ku Naisi. Ine anandiuza patapita sabata, tikutuluka m'tchalitchi, ataphimba diso lake ndi dzanja chifukwa cha dzuwa. Ndinamuyamikira, n'kufunsa ngati pali chimene ndingathandize. Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti ndidzabwereke mabenchi a paukwati.